Bokosi la a Ilarie Litulukira Pakhomo

A Ilarie anatsirizikira pampando wa kukhitchini, anthu atawanyamula kuti awaolotse pathabwa. Ambulansi inali itaima kutali, chifukwa msewu panalibenso. Nyengo yachisanu itangotha, a khonsolo anabwera kudzaika mapaipi a madzi n'kupeza mafupa. Pansi pa mafupa anapeza makoma, pansi pa makoma msewu wa Aroma wamiyala ikuluikulu. Mapaipi anaiwalika. Kunabwera anthu a kuyunivesite ndi timaburashi tawo, ndipo pakhomo pa a Veturia, akazi a malemuwo, panatsala chidzenje chomeza munthu ataimirira, ndi kathabwa kokhota kowolokerapo.

Bokosi silikanadutsa pakathabwa kameneko.

"Amayi, tiwatulutsire pazenera la kuseri," anatero Gligor, mwana wawo. "A Pamfil avomera kuti tidutse m'munda mwawo."

"Pazenera amatulutsira odzimangirira. Bambo ako anadzimangirira?"

"Masiku ano ndani amayang'ana zimenezo?"

"Ine. Anandilowetsa pakhomo ili nditavala zoyera. Atulukira pomwepa, miyendo kutsogolo, nsalu ili pansi."

Nsaluyo anali ataisita kale. Maliro akamatuluka amayala nsalu yoyera pakhomo kuti bokosi lidutse pamwamba pake, ukhale mlatho wa malemu kumene akupitako. Kenako amaipereka kwa munthu amene si wachibale. Tsopano akanaiyala pati? M'malere?

Anatuluka n'kuima m'mphepete mwa dzenje. Pansipo panali Sorana, mkulu wa okumbawo, atagwada pambali pa chigaza.

"Iwe mtsikana, kweza mutu. Mawa ndikutulutsa amuna anga. Tseka dzenje lakoli ndi matabwa."

Sorana anavula chipewa. "Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndinayesa kufunsa. Dothi la m'mbalimu ndi lofewa, silingapirire amuna onyamula bokosi. Likagumuka agwera muno, komanso likwirira manda awa. Pano pagona mayi ndi khanda lake."

"Anafa liti?"

"Papita zaka mazanamazana."

"Ndiye sakufulumira. Anga ayamba kununkha."

Sorana anayang'ana khomo, anayang'ana kumapeto kwa dzenje kumene ankatulutsira dothi ndi mawilibala.

"Njira ilipo imodzi, koma simuikonda," anatero. "Kutsitsa bokosi ndi zingwe, n'kuyenda nalo pamsewu wakalewu mpaka pokwerera paja. Miyala iyi ndiye siisuntha."

"Ndiwaike m'manda kawiri?"

"Ndanena kuti simuikonda."

A Veturia analavula, malovu n'kugwera pafupi ndi nsapato ya Sorana. Analowa m'nyumba. Mawa lake m'mawa anauza Gligor kuti akabwereke zingwe kwa adzukulu a kumanda.

Bokosi linatulukira pakhomo, miyendo kutsogolo. Wansembe anakana kutsika, akuti mawondo. Anaimbira pamwamba, akugwedeza lubani pamwamba pa dzenje. A Veturia anatsika pamakwerero ndi diresi lawo lakuda, nsalu ili kukhwapa. Pansi panali pozizira, pankanunkha dothi lonyowa. Anayala nsalu pamiyala yokumbika ndi mateyala a ngolo zakale, moyang'anizana ndi khomo lawo.

"Pang'onopang'ono, a Pamfil, si thumba la mbatata limenelo," anatero a Veturia, bokosi likutsika pazingwe.

"Ali moyo sankalemera chonchi, mlamu," anatero a Pamfil akupuma mwabefu.

"Ankalemera. Simunawanyamulepo inu."

Chingwe chinakhula m'mphepete ndipo dothi linakhuthukira pachivundikiro, phokoso lomwe lija la kumanda. Amayi amene anali pamwamba anayamba kulira ngati mwambo watha. A Veturia anapukuta dothilo ndi dzanja, osalira. Amuna anatsika, ananyamula bokosi, analidutsitsa pansalu, n'kuyamba kuyenda pakati pa manda otsegula. Zigaza zinali uku ndi uku, chilichonse ndi kapepala kake.

Inatsala nsalu. Mwambo umati iperekedwe pomwe yayalidwa, kwa mlendo. A Veturia anayang'ana uku ndi uku. Onse amene anatsika anali abale ndi alamu, ndipo anali atapita ndi bokosi. Panatsala Sorana yekha, ataima kukhoma kutchinga manda a khanda lija.

A Veturia anaitola nsaluyo, ili ndi matope ndi zidindo za nsapato, n'kumukankhira pachifuwa.

"Tenga. Ya mzimu wa a Ilarie. Mawu ake ukuwadziwa, kapena kusukulu kwanuko munangophunzira kufukula?"

"Mulungu ailandire," anatero Sorana motsitsa mawu.

"Ailandire. Ukadzafa iwe, adzakusiye ugone."

Anatembenuka n'kutsatira bokosi pamiyala ya Aroma, akupunthwa, osalola munthu kuwagwira dzanja.