Phazi Lopindika la N

"Musafufute!" anakuwa mayi Bertha, ine nditanyika kale burashi m'chitini cha penti woyera.

Ndinatsika pa makwerero. Amene anandiitana ku tiyirumu yawo ya pa Uliwa anali Eunice, mdzukulu wawo. Ankafuna ndiphimbe dzina lakale pakhoma kuti apachikepo chinsalu chosindikiza cha ku Boma, cha zilembo zoonda ngati udzu.

"Agogo, zilembo zimenezi n'zachikale," anatero Eunice. "Anthu amayesa timagulitsa mabokosi a maliro."

"Oyesa choncho akamwe tiyi kwina."

Ndinayang'ana khoma. ANTHONY. Zilembo zonenepa, za mapewa otakata, chilichonse chitaima nji pa timapazi take. Mtundu umenewu ndimaudziwa: munthu ali m'basi yothamanga amawerenga asanaphethire, pomwe zoonda zimasowa m'fumbi. Penti anali atafwifwa, koma phazi limodzi la N woyamba linkaonekabe kuti ndi lopindika.

"Analemba ndani, mama?" ndinafunsa.

"Mwini dzina, mwana wanga. Ankaonera pa chitini chakale cha mabisiketi. Atamaliza anawoloka Songwe kukafuna ntchito, zaka makumi awiri zapitazo. Msewu anaukuza, mtengo wa mango anadula, nyumba zonse zasintha. Mukafufuta, adzatsika pati?"

Eunice anandikokera pambali. "A Chakufwa, alankhuleni inu. Amalume aja palibe kalata, palibe foni. Mwina anatisiya kalekale."

Ndinatseka chitini cha penti woyera. Ine ndemwe mkazi wanga anabwerera kwawo ku Ntcheu zaka zisanu zapitazo, ndipo loko wa pakhomo sindinasinthe. Eunice anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapinda chinsalu chake n'kulowa nacho m'nyumba.

M'mawa mwake ndinabwera ndi penti wakuda. Ndinkatsata mzere wa mnzanga amene sindinamuonepo, mapewa kaye, kenako mapazi. Nditafika pa N, dzanja linafuna kuwongola lokha phazi lija. Kusukulu yamadzulo anatiphunzitsa kuti chokhota sasiya.

"Lisiyeni choncho," anatero mayi Bertha ali pansi pa makwerero. "Tsiku limenelo ndinamuitana kudzamwa tiyi, anatembenuka burashi ili pakhoma. Adzalizindikira."

Ndinalipinda monga analipindira iye.

"Yewo. Koma muzinenepetseko pang'ono zonsezo. Anachoka ndi maso a mnyamata, adzabwera ndi a munthu wamkulu."

Ndinawonjezera chala chimodzi pa chilembo chilichonse. Ndikumaliza Y, kumpoto kunamveka kulira kwa basi yochokera ku Songwe. Mayi Bertha anapukuta manja pachitenje.

"Chotsani makwerero, mwana wanga! Akubisa dzina."

Ndinawagoneka pansi msangamsanga. Tinaima awiri m'mbali mwa msewu. Basi inadutsa osachepetsa liwiro, ndipo fumbi lake linakakamira pa penti wosauma uja.