Loweruka la amayi ku Area 43

M'mawa uliwonse Sumaiya ankatsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi ndi anzake kulowa mu Area 43, komwe onsewo ankagwira ntchito zam'nyumba. Tsiku lina pagulu lawo panabwera mayi wina amene Chichewa chake chinkamveka kuti ndi wakumpoto. Anati ndi Dinah, namwino, ndipo anayamba kukamba za khansa ya khomo la chiberekero ndi kufunika koyezetsa. Amayiwo anangopitiriza ulendo wawo mwamanyazi.

Dinah sanagwe ulesi. Ankabwerabe, n'kumafunsa za ana ndi za mabwana ovuta, mpaka amayiwo anamasuka. Wina anadandaula kuti akamaweruka, kuchipatala amakhala atatseka. Wina anati anamva kuti poyezapo amachotsa chiberekero. Sumaiya ananena chapansipansi kuti amuna ake, a Yunusu, sangalole kuti aonedwe ndi dokotala wamwamuna.

Dinah anafotokoza kuti kuyezako sikutenga nthawi ndipo sachotsa kanthu. Kenako anayenda geti ndi geti kupempha mabwana kuti Loweruka masana awamasule antchito awo. Mayi Emily, abwana ake a Sumaiya, anapereka zipinda ziwiri zakuseri kuti anamwino achizimayi okhaokha adzayezeremo.

Sumaiya anaikamba nkhaniyi kunyumba ku Old Town. 

"Mayi anga anapita ndi nthenda yomweyo chifukwa tinadziwa mochedwa," anatero a Yunusu. "Inu mupite, ndipo musapite nokha."

Lowerukalo anabwereka pikapu kwa mnzawo wa ukalipentala n'kunyamula Sumaiya, alongo awo awiri ndi amayi ena akumzikiti. A Yunusu anatsala pageti kucheza ndi mlonda.

Atamuyeza, Dinah anamuuza Sumaiya kuti wapeza tizizindikiro, koma si khansa ayi.  Dinah anamugwira dzanja, nati mwayi wake ndi woti wabwera msanga, ndipo anamuthandiza pompo ndi kamakina kotenthetsa pamalo pamene panali tizizindikiroto. Anamuuzanso nthawi yodzaonedwanso.

Panja Sumaiya anapeza amayi atayala zitenje pakapinga, akugawana masamusa ndi kuseka mantha awo aja. Sumaiya anapitirira mpaka pageti n'kuwafotokozera amuna ake zonse. A Yunusu anapumira m'mwamba, nayamika Mulungu, kenako analiza galimoto kukatenga amayi ena amene anatsala ku Old Town chifukwa malo anachepa mupikapu muja.