Tambala wa a Meja

A Meja Nicholas Pendry anafika pa chinkhoswe chawo mendulo zili mbwee pachifuwa, m'manja atanyamula nkhuku ya mufiriji.

Ine ndine Flossie, mkulu wake wa Immaculata amene ankatomeredwa tsikulo, ndipo mwambo unali pakhomo panga ku Lavington, kuno ku Kenya. Nditaona jumbo ya kusupamaketi ija, nkhuku yososola kale, yopanda mutu, mtima unandiwawa. Ndinali nditawauza bambo amenewa momveka bwino kuti akuchimuna amabweretsa tambala wamoyo, ife akuchikazi n'kubweza thadzi.

Komatu si munthu wamba ayi. Analowa usilikali wa ku Britain ndevu zisanamere, n'kukamenya nkhondo ku Bosnia, ku Iraq, kenako ku Afghanistan. Kumeneko n'kumene anapatsidwira mendulo yooneka ngati mtanda. Galimoto yawo itaponda bomba, iwo anakwawa zipolopolo zikuvumba, n'kutulutsa asilikali awo awiri ovulala, wina kumsana, wina akumukoka kolala. Khutu lakumanzere linafera komweko. Atapuma usilikali anadzayamba ntchito yachitetezo kubungwe limene Immaculata ndi namwino. Mng'ono wangayo, chimwalirireni mwamuna wake, anali ataiwala kuseka. Ntchito, tchalitchi, kugona, basi.

Vuto linali malume athu a Chancellor, mwini mbumba, amene anachita kukwera ndege kuchokera kumudzi. Ananeneratu kuti mwambo ukalakwika savomereza, ndipo Immaculata, ndi ukulu wake wonsewo, sakanakwatiwa malume atakana.

Malumewo anaiyang'ana nkhuku ija nthawi yaitali.

"Iwe Flossie, tawafunsa alendowa," anatero. "Tambala amalira, amadzutsa anthu. Nanga uyu alira liti?"

Kevin, Mkenya wogwira ntchito ndi a Meja amene anaima ngati nkhoswe yawo, anayesa kuzimitsa moto popepesa m'Chiswahili. "Pole sana, mzee. Koma ndi organic imeneyi."

Ndinamuyang'ana diso loipa.

Ndinathamangira kuchipinda kumene Immaculata ankadikira atafunda chitenje kumutu. Anandinong'oneza: "Achemwali, Nicholas amaopa nkhuku. Tambala anamujompha pachikope ali mwana. Olo nthenga sagwira."

"Munthu wa mabomba ameneyu?"

"Yemweyo."

Pamene ndinkatuluka, malume anali atavala kale chipewa. "Nkhoswe yobwereka, tambala wakufa," anatero. "Mwana wa mlongo wanga saperekedwa chonchi. Ngati bamboyu akufunadi banja, abweretse tambala wamoyo ndi manja ake, osati a mnzakeyu. Apo ayi, ndiyitanireni taxi."

Kevin anawamasulira a Meja kukhutu lomwe limamva. Nkhope yawo inayera kuposa mmene Mulungu anailengera. Anafunsa funso limodzi lokha, loti nkhuku zamoyo zimagulitsidwa kuti. Ndinati pamsika wa Kawangware, ndipo asiye galimoto, misewu yadzaza. Anatuluka pageti, n'kuimitsa njinga yamoto.

Tinadikira. Amayi a kwaya anaimba nyimbo zonse zomwe ankadziwa, n'kuyambiranso. Mpunga unazizira. Malume anakana ngakhale Fanta. Ine ndinkangoganiza za mng'ono wanga ali yekha kuchipinda kuja, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Kenako njinga ija inalira pageti. A Meja anali kumbuyo, manja atatambasula kutali ndi thupi, atagwira chitambala chofiira chokwiya ndi dziko lonse. Mkono unali utakalidwa, mendulo ya mtanda ija itapakidwa zitosi. Anayenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira, n'kudzagwada pamaso pa malume.

"Malume, tambala uyu," anatero m'Chichewa chawo chothyokathyoka.

Malume sanafulumire kulandira. Anaika manja kumbuyo, n'kuyamba kuyendera tambalayo, lipombo, mapiko, zikhadabo za kumiyendo. Tinaitana Immaculata, anadzaima pakhonde ali chifundire chitenje.

"Nanga mukunjenjemera bwanji, bambo?" anafunsa malume m'Chingelezi.

"Ndikuopa, malume."

"Msilikali wamkulu ngati inu? Kunkhondo kuja munkatani?"

"Kumenekonso ndinkaopa," anayankha a Meja. "Koma kunalibe nkhuku."

Pansi pa chitenje panamveka kaphokoso. Kenako chinaphulika chikhakhali, chija cha Immaculata wakale, chomwe chinkatipirikitsitsa m'tchalitchi tili ana. Anaseka mpaka chitenje chinagwa, anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Kuseka kumeneko tinali tisanakumvenso chibwerereni kumanda kokaika mwamuna wake, ndipo ine ndinalira poyera, sindibisa.

Malume anatembenuka, n'kumuyang'ana mwana wa mlongo wawo. Anavula chipewa chija, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Ndiyeno anawerama, n'kulandira tambala ndi manja awiri.

"Flossie, apatse mpando akamwiniwa," anatero. "Koma thadzilo umupatse Kevin."