Khoma Loyang'anana ndi Bedi

Alamu anga anapaka penti wamitundu itatu pakhoma la kuchipinda, pang'onopang'ono moyandikana, natiitana kuti tiwathandize kusankha. Akazi awo, achemwali anga, anali pafupi kutuluka m'chipatala. Sitiroko inawafoola mbali yakumanja, ndipo adokotala anati azigonera kumanzere. Ndiye kuti tsiku lonse maso awo adzakhala pakhoma limenelo. Kuchipatalako anali atataya mtima. Tikapita kukawaona ankangoti, "Makoma oyerawa andikwirira ndili moyo," n'kutseka maso.

"Uyu ndi wa mchenga," anatero alamu, akuloza. "Uyu ngati tiyi wamkaka. Winayu chigoba cha dzira."

"Ababa, zonsezi ndi kirimu basi," anaseka mwana wawo wamkazi.

Wopenta amene ankadikira kuyamba ntchito, bulashi ili m'manja, anawonjezera: "Bwana, mukachedwa ziyamba kusintha mtundu ndi ndevu zangazi."

Alamu anavula nsapato, nakwera pabedi, mbali imene amagona achemwali. Anagonera kumanzere, mutu papilo, dzanja lamanja lili lende ngati si lawo. Kuseka kunatha. Tinatuluka mmodzimmodzi.

Anakhala momwemo mpaka dzuwa litapendeka. Ndikamadutsa pakhomo ndinkawamva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ija amaphonya mawu ake Lamulungu lililonse. Ndamva maulaliki ambiri onena za awiri kukhala thupi limodzi, koma tsiku limenelo ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndinayamika Mulungu ndili chiimire ndi tsache m'manja.

Atadzuka anaitana wopenta. "Wa dzirayu masana akuyera mbuu, ngati kuwodi komwe. Wa mchenga akubiriwira ndi masamba a mtengo wapazenerawu, akuoneka wodwala. Tipake wa tiyi. Ngakhale mtambo utaphimba dzuwa, sakuzizira."

Penti atauma ndi fungo litatha, tinakawatenga achemwali. Tinawagoneka bwinobwino, alamu akukonza pilo. Achemwali anayang'ana khomalo nthawi yaitali. Ine mumtima ndinkangoti, Ambuye, asatseke maso.

"Wasankha ndani?" anafunsa, mawu akutuluka movutikira.

"Ine, amayi."

"Inu? Amene munavala masokosi osiyana pa ukwati wathu?"

Mbali imodzi ya pakamwa pawo inakwera, ndipo tinazindikira kuti akuseka.

"Musangoima ngati mtengo, bambo. Kokani katani iyo, ndilione bwino."