Galasi la a Bibiana

A Stefano anagwada pafumbi, chitseko cha pikapu yawo atachivula ngati nkhuku yososola. Mawaya anali lendelende, sipanala pakamwa, thukuta kamukamu.

Pikapuyo inali yakale kuposa Tawina, mwana wawo woyamba, ndipo magalasi ake anali opukusa ndi dzanja. Akazi awo a Bibiana, chichokereni kuchipatala, sitiroko itawafooketsa dzanja lamanzere, sankathanso kutsitsa galasi. Kulisiya lotsegula nako, fumbi linkawatsokomoletsa. Amayi amene kale ankapereka moni pawindo kuchokera ku Mpama mpaka ku Njuli, ofunsa ndi mbuzi zomwe kuti zadzuka bwanji, tsopano ankangodutsa duu, dzanja atalibisa m'chitenje chifukwa cha manyazi.

Pakamwa pa anthu, inu! Posakhalitsa zinamveka kuti a Habiba, mnzawo wakalekale wogulitsa tomato pa Njuli, akuti mayi aja anyada masiku ano. A Bibiana analira tsiku lonse, n'kulumbira kuti galimoto sadzakweranso. Zimenezi zinawapweteka a Stefano kuposa matenda aja.

N'chifukwa chake anapita ku Limbe kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kubwerako ndi kamota kokwezera galasi, fyuzi ndi batani. Anapaka girisi m'njira za galasi, anamanga kamotako, n'kugunditsa mawaya pa batire. Galasi linatsika lokha, myaa! Bambo wamkulu wa imvi anavina yekha pabwalo. Batani analiika pakati, pafupi ndi giya, pomwe dzanja lamanja la akazi awo likanafika, ndipo chifukwa cha chimwemwe anatseka chitseko osayesanso.

"Mayi a Tawina, tiyeni ku Njuli. Mukangodina pansi, galasi litsika."

"Mukufuna anthu akandiseke eti?"

"Akakusekani, tikasekera limodzi."

A Bibiana anakwera monyinyirika, galasi litatsegulidwa pang'ono kuti mpweya uzilowa. Pa Njuli, a Stefano anaimika dala pafupi ndi benchi la tomato. A Habiba anadzuka, napukuta manja, nayandikira mokayikakayika.

"A Bibiana, mwaswera bwa..."

A Bibiana anadina pansi monga anawauzira. Galasi linakwera bwinobwino, n'kutsekeka thi, pamphuno penipeni pa a Habiba.

Mayo ine! A Stefano anafuna nthaka iwameze. Batani analiika chozondoka. Kutsekera munthu pamaso akukupatsa moni, pamsika, anyamata akabaza akuonerera, mwano woposa pamenepa ulipo? A Habiba anatembenuka kuti azipita.

"Ayi! Dinani m'mwamba!" anakuwa a Stefano.

Galasi linatsika mpaka pansi. A Bibiana anatulutsa dzanja lamanja mofulumira, n'kugwira mnzawoyo pachitenje. Mwambo umafuna kuti lamanzere lichirikize lamanja popereka moni, koma ilo linangogona pamiyendo, poyera, chitenje chitasendera pambali. A Habiba analiyang'ana nthawi yaitali.

"Anzanga, mpaka kundibisira ine?"

"Manyazi, achemwali. Chopukusira chija chinkandikanika."

"Ndiye ine n'kumati mwanyada!" A Habiba analowetsa mikono yonse pawindo, n'kulifumbata dzanja lofookalo m'manja mwawo. Misozi inalengeza. Kenaka anasuzumira kwa oyendetsa. "Nanga amakaniki athuwa amafuna andidule mphuno?"

Phwete! A Bibiana anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene a Stefano anali asanakumve miyezi isanu ndi iwiri. Akabaza nawo anaunjikana, aliyense kupempha kuti adineko.

Pobwerera, ulendo wa theka la ola unatenga maola awiri. Aliyense wapamsewu, kaya wa nkhuni pamutu, kaya wa khasu paphewa, a Bibiana ankati, "Taimani kaye, bambo," galasi n'kutsika. Walira mvula walira matope. A Stefano ankangoponda buleki uku akumwetulira.

Atafika kunyumba anatenga sikuludiraiva kuti atembenuze batani lija.

"Lisiyeni choncho," anatero a Bibiana. "Chala changa chazolowera kale."

Anadina m'mwamba, galasi n'kutsikanso. Kuseri kwa mpanda kunkadutsa mayi wina ndi ndowa pamutu, ndipo a Bibiana, nkhope ili mbuu ndi fumbi, anali atayamba kale kumufunsa za ana kunyumba.