Siteki ya kwa a Manzere

Tsiku limene akazi awo ankatuluka m'chipatala, a Chidindo anaitanidwa pambali ndi dokotala. "Nthendayi sitingaichotse," anatero dokotalayo. "Koma magazi atsika kwambiri, ndiye azidya. Nyama yofiira, yabwino, yofewa."

A Chidindo anangogwedeza mutu. Za nyama sakanaphunzitsidwa ndi munthu. Asanapume pantchito, anakhala zaka makumi awiri akuyeza nyama kophera ng'ombe ndi m'mabutchala onse a m'tauniyo. Dzina lawolo linachokera pa chidindo cha inki yabuluu chimene ankamenya pa ntchafu ya ng'ombe, kusonyeza kuti ndi yodyeka.

Atafika kunyumba, anawagoneka mayiwo pabedi n'kuwaikira mapilo awiri kumsana.

"Mukudziwa chimene mtima wanga ukufuna?" anatero mayiwo. "Siteki ija tinkagula kwa a Manzere, ana akadali aang'ono. Yosafuna mano ija. Mano atsala anayiwa musawapatse ntchito yakalavulagaga."

A Chidindo anaseka nawo, koma kuseka kwa pamano.

M'mawa mwake anatenga jumbo n'kuyamba ndi butchala ya pafupi ndi siteji ya basi. Nyama inali yofiira bwino, koma iwo anaona kuti kufiirako n'kwa magazi opaka. Pa yachiwiri firiji inkalira ngati njuchi, koma atakhudza chitseko chake chinali chofunda. Pa yachitatu mwini wake, bambo wamimba yaikulu, anawathamangira.

"Bwana athu! Mwasowatu. Ndikudulireni pati?"

A Chidindo anatembenuza chidutswa chimene chinali pathebulo ndipo anaona timatuza toyera, tonga njere za mpunga, titabisala m'mnofu.

"Iyi ili ndi nyongolotsi, achimwene."

"Aa, bwana, mwayamba liti kuona?" Bamboyo anaseka mpaka kugwira sikelo. "Si inu munkati moto umapha zonse?"

A Chidindo anatuluka. Zinali zoona. Lachisanu lililonse eni mabutchala ankawatumizira phukusi la nyama ndi kenakake m'kati, ndipo chidindo chinkagwa paliponse, ngakhale pa ng'ombe yofa yokha. Amene anakana kutumiza anali mmodzi, a Manzere, bambo wodula nyama ndi dzanja lamanzere amene ankasankha yekha ng'ombe ikadali yamoyo. Anzake atadandaula kuti akuwalanda makasitomala, a Chidindo anapita ndi loko ndi chikalata, n'kumata pachitseko kuti pamalopo papezeka nyama yowola. Pa mabutchala onse, ameneyo yekha ndiye sanagulitsepo yowola.

Pamene panali butchala ya a Manzere anapezapo telala. Iye analoza ndi sizasi: "Mwana wawo wamkazi anatsegula kake kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Mukaona mzere wa anthu, ndi pomwepo."

Kanali kachipinda kamodzi kopaka laimu, ka sefa pazenera, kopanda ntchentche ngakhale imodzi. Pa ngowe panapachikidwa msana wa ng'ombe, wofiira modera pang'ono, mafuta ake oyera atalowerera m'mnofu ngati timizere. A Chidindo anadziwa kuti afika. Kenako anaona nkhalamba itakhala pampando pakona, kukamwa kutakhotera mbali imodzi, dzanja lamanzere lili gone pamwendo ngati si lake. Anafuna kubwerera, koma kumbuyo kwawo kunali kutaima kale amayi awiri.

Mwana wa a Manzere, mayi wamtali wovala epuloni yoyera, anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwabwera ndi loko, bambo?"

"Ayi, mayi. Ndinapuma. Akazi anga akudwala, ndikufuna siteki yofewa."

"Akudwala chiyani?"

Anamuuza. Mayiyo anatsitsa msana uja, n'kunola mpeni, n'kuyamba kutsata kanyama kofewa ka m'kati mwa msana, kamene ng'ombe siigwiritsa ntchito poyenda. Ankalankhula maso ali pampeni, koma mzere wonse unkamva.

"Mutatseka paja, palibe anafunanso kulemba ntchito munthu wa nyama yowola. Adadi anayamba kunyamula matumba a simenti, munthu wa zaka makumi asanu. Ine ndinasiyira sukulu panjira. Tsiku lina anagwa thumba lili pamutu, ndipo chiyambire pamenepo salankhula. Amayi anapirira zaka zitatu, kenako tinawaika m'manda." Anachotsa kamtsempha koyera n'kukataya m'ndowa. "Nyama imawola, bambo, koma mlandu suwola."

A Chidindo anavula chipewa n'kutembenukira kwa nkhalamba ija. "A Manzere, ndine. Ndinakulakwirani."

Nkhalambayo inawayang'ana ndi diso limodzi lonyowa. Kukhosi kwake kunatuluka kaphokoso, ndipo malovu anatsikira pa kolala. Kaya anawazindikira, kaya ayi, palibe akanadziwa. Mwana wawo anabwera n'kuwapukuta pakamwa ndi kansalu, n'kusamba m'manja, n'kubwerera pa thabwa lake kukakulunga siteki ya a Chidindo.

"Musaiphike nthawi yaitali. Poto atenthe kwambiri, mbali iyi pang'ono, mbali iyo pang'ono, mchere pomaliza. Odwalawo sanatilakwire, ndiye ikatha mutume munthu wina, ndidzamudulira. Koma inuyo phazi lanu lisadzapondenso pano."

Masana omwewo a Chidindo anaiphika monga anauzidwira, n'kuiduladula tizidutswa tating'ono. Akazi awo anatafuna kamodzi n'kutsinzina.

"Ndi yomweyo! Ali bwanji a Manzere? Akadali ndi nthabwala zawo zija?"

Bodza linali kale pa lilime, loti ali bwino ndipo apereka moni. Koma a Chidindo anali atatopa. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kufotokoza zonse, za maphukusi a Lachisanu, za loko, za matumba a simenti.

Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, foloko ili m'manja.

"Ndiye nyama ija ndinkaphikira ana anga Lachisanu lililonse, n'kumanyadira kwa anzanga kuti amuna anga amakondedwa pantchito, inali imeneyo?"

"Inali imeneyo."

Anaika foloko m'mbale pang'onopang'ono. "Vundikirani. Ndidya mawa."

Mawa lake sanadye, ngakhale mkucha. Ankalandira phala ndi tiyi kuchokera m'manja mwa mng'ono wawo, amene anabwera kudzawadwazika, ndipo amuna awo akalowa m'chipindamo ankawayankha mwaulemu, mawu awiri kapena atatu, nkhope itayang'ana kukhoma. Anamwalira patatha milungu isanu, Lachiwiri m'mawa, a Chidindo ali panja akuyanika zofunda.