Fainolo Imene Sinaseweredwe

"Chikho chimenecho chibwerere pabwalo," anatero Yasini asanapereke n'komwe moni.

Grayson sanadzutse mutu. Anali atakhala pabedi m'kachipinda kake ka ku Al Asmakh, chikho chili pamiyendo, akuchipukuta ndi malaya akale a ulonda. Pabedi lapamwamba panagona Amidu, goloboyi wa timu yake, amene anangotembenukira kukhoma.

Grayson ndi Yasini ndiwo anayambitsa Akambuku, timu yoyamba ya Amalawi ku Doha, masiku amene munthu wakuda ankachita kupempha malo pabwalo la fumbi la osewera kiriketi. Atakangana za ukaputeni, Yasini anachoka ndi madalaivala anzake n'kukayambitsa Mphenzi. Chaka cha korona matimu awiriwa anafika mu fainolo, koma sabata yomweyo dera limene a Mphenzi ankagona linatsekedwa chifukwa cha matendawo. Akambuku anapitabe kubwalo. Grayson anamenya mpira m'golo mopanda munthu, natenga chikho.

"Malamulo tinagwirizana tonse," anatero Grayson. "Timu yosabwera yagonja. Kodi korona ndinabweretsa ndine?"

"Tinali m'mpanda, apolisi ali pageti! Ernest, wosewera kumbuyo kwathu uja, anali pa okisijeni. Inu n'kumavina ndi chikho, kutitumizira mavidiyo pagulu la WhatsApp. Ngwazi yanji yogwetsa munthu womangidwa manja?"

"Madzi akatayika saoleka, achimwene."

"Mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Inu chulucho munangochizungulira."

Amidu anatsokomola ngati wofuna kubisa phwete. Grayson anamenya chitsulo cha bedi ndi chigongono, ndipo Amidu analeka.

Yasini anakoka ndowa, naivundikira, nakhalapo. Mawu ake anatsika, koma sanafewe.

"Tisabisane, a Grayson. Ndamva kuti kampani yanu siikupatsaninso kontrakiti. Mwezi wamawa akukukwezani ndege. Ku hotelo kwathu ku Onaiza akufuna mlonda mmodzi, ndipo abwana andiuza kuti ndipeze munthu wodalirika. Masiku ano lamulo linasintha, simufunikanso chilolezo cha kampani kuti mupange transifa. Dzina limene ndingatchule ndi lomwe abwanawo atenge."

Grayson anali atazungulira mahotela ndi mamolo milungu yambiri osapeza kanthu, ndipo kwawo ku Balaka nyumba imene ankamanga inali itaima pamawindo, ana awiri ali ku sekondale.

"Ndiye mukufuna chiyani?" anafunsa.

"Lachisanu likubwerali mubwere ndi chikho ndi anyamata anu. Tisewere fainolo ija. Wopambana atenge. Khalas, nkhani ithere pomwepo."

Grayson anadziwa bwino lomwe chimene chikanachitika. Chisinthireni lamulo lija, Akambuku anali atabalalika. Ena anapita ku mahotela a mashifiti osalola mpira, ena anabwerera kumudzi. Otsalawo sankakwana n'komwe timu, ndipo iye mwini bondo linali litayamba kumuvuta. Chikho chikanapita, ndipo anthu akanati chinali cha Mphenzi kuyambira kale. Chithunzi chake atachinyamula chinali kale pakhoma kwa apongozi ake.

Munthu amene wakhala zaka zambiri akutsegulira anzake zitseko amagwiritsa kwambiri kaulemu kalikonse kamene wapeza, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera.

"Mwabwera kudzandigula," anatero Grayson ataimirira. "Mwaona kuti ndili pamavuto ndiye mwati mundivule. Chikho ichi chili ndi dzina la Akambuku. Sindine mwana woti mundinyengerere ndi switi."

"Dzinalo munakalembetsa nokha kumsika wa souq! Chikho mudzadya?"

"Ndidzadya, inde. Yalla, tulukani!"

"Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Unansi wathu unatha tsiku limene munagawa timu. Chitseko ndi icho."

Yasini anadzuka, nabwezera ndowa pamalo pake mosapupuluma. Yasini atafika pakhomo, Amidu anatsika pabedi lija, nayamba kuvala nsapato.

"Iwe ukupita kuti?" anafunsa Grayson.

"Akulu, kontrakiti yanga ikutha limodzi ndi yanu," anatero Amidu osamuyang'ana. "Ndipo tsiku lija ine ndinangoima pagolo, mpira sindinaugwire ngakhale kamodzi. Mwana wanga akandifunsa za fainolo ndimasintha nkhani. A Yasini, Lachisanu ndibwera. Chikho ndilibe, koma magolovesi ndili nawo."

Yasini anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ku geti umatha kuima maola ambiri?"

"Ndi ntchito yanga."

"Tenga ID yako, tikalankhule ndi abwana."

Grayson anamva mapazi awo akutsika masitepe mpaka anazilala. Anakoka sutikesi pansi pa bedi, naitsegula. Inali yodzaza kale. Anatulutsa nsapato zimene anagulira ana, naziika pambali, ndipo pamalopo analongedzapo chikho.